Nkhuku Imene Ndinakana Kutaya pa Ulendo wa ku Ballina

Makiyi a nyumba tinapereka Lolemba masana, koma ku Ballina ankatiyembekeza Lachinayi. Masiku apakatiwo tinalibe pogona. N'chifukwa chake ulendo umene anthu amayenda maola anayi okha ife tinaukonza kuti utitengere masiku atatu, ndipo mwana wathu Tadala, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tinamuuza kuti tikupita kuholide.

Ku Balbriggan, pafupi ndi Dublin m'dziko la Ireland, tinakhalako zaka zambiri, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ine ndinkayeretsa m'ndege ku eyapoti, mkazi wanga Agnesi ankasamalira okalamba. Kenako landilodi anatilembera kalata kuti akugulitsa nyumbayo. Miyezi yonse ya notisi inathera pamizere. Umafika pakhomo pa nyumba ya lendi n'kupeza anthu afola mpaka pakona, aliyense atakumbatira fayilo ya mapepala ngati wabwera kudzafunsira ntchito. Pomaliza Agnesi anapeza ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Ballina, m'chigawo cha Mayo, kumadzulo kwenikweni kwa dzikoli, ndipo bambo wina wa kumeneko anavomera pafoni kutisungira fulati mpaka Lachinayi thwelofu koloko masana. "Mukachedwa, pali ena akudikira," anatero. Ine ntchito ya ku eyapoti ndinasiya.

Galimoto tinabwereka kwa a Seamus, mkulu wina wamasiye wa kutchalitchi kwathu. Inali vani yogonamo yakalekale, yobiriwira, injini yake kumbuyo, yaikulu msinkhu kuposa ine. M'kati munali bedi lopinda, kambaula ka gasi ndi kafiliji kofika m'mawondo. A Seamus sindinawauze kuti tilibe pogona. Ndinangoti tikufuna kuona dziko tisanalowe m'nyumba yatsopano, ndipo iwo anasangalala kwambiri. Anagwada n'kundisonyeza kalawi kabuluu kuseri kwa filijiyo.

"Mukamayenda imadya batire, mukaima muyatse gasi. Koma ili ndi khalidwe lake. Vani ikangopendekeka pang'ono, siziziritsa ngakhale lawi likuyaka. Muziima pamalo osapendekeka, mbali iyi ikhale pamthunzi, ndipo musamatsegule pafupipafupi."

Chinali chaka chimene ku Ireland kunatentha ngati Okutobala wa kwathu. Udzu unapsa m'mapaki, phula linkamata kunsapato.

Katundu wamkulu tinakasungitsa kwa anzathu. Chimene chinatsala chinali za mufiriza: nyama ya mbuzi youma gwa, masoseji, ndi nkhuku ziwiri zimene Agnesi anaphika Lamlungu n'kuziika m'makontena. Iye ankafuna kuti mbuziyo tigawire anthu. Ine ndinakana. Tinali kupita kumalo kumene sitinkadziwa munthu, ine wopanda ntchito, ndiye ndiyambe kugawa nyama?

Usiku woyamba tinagona m'vanimo panja pa geti la a Seamus. Lachiwiri m'mawa tinanyamuka.

Poyamba tinaima ku Swords, kwa ba Mwanza, mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira naye ntchito. Anatibwereka kulabokosi, bokosi lija losungiramo zozizira, poti nyama yonse sikanakwana m'kafilijiko. Atasuzumira m'vanimo anapukusa mutu.

"Imwe ba Fred, manje iyi motoka izafika ku Mayo? Siyani che nyama kuno, muzatenga mukabwela."

"Ifika, ba Mwanza. Zinthu zakale n'zolimba."

Ayisi tinamusaka m'mashopu atatu a ku Swords osamupeza. Aliyense ankawotcha nyama panja sabata imeneyo, ndipo mafiriza a ayisi anali mbee. Pa shopu yachinayi tinapeza kathumba kamodzi kosungunuka kale theka. Tinagula kameneko.

Msewu waukulu tinaupewa, chifukwa vaniyo ikafika liwiro linalake inkanjenjemera yonse ngati ikumva malungo. Tinadzera msewu wakale, Maynooth, Kilcock, Enfield. Tadala anakhala kumbuyo akuwerenga ng'ombe. Iye Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingelezi, ndipo tsiku limenelo pakamwa sipanatsekeke. Agnesi ankangoyang'ana foni ili m'manja.

Titatsala pang'ono kufika ku Kinnegad, kagetsi kofiira kanayaka kutsogolo kwanga. Kumbuyo kunamveka phwa! kenako fungo la labala wopsa. Ndinapatukira m'mbali mwa msewu n'kutsegula kachitseko ka injini. Lamba anali atadukaduka, ndipo kagudumu kamene lambayo amazungulirapo kanali katang'aluka pakati.

Bulekidauni tinaidikira maola atatu. Pamalopo panalibe mtengo ngakhale umodzi. Gasi sindikanayatsa m'mphepete mwa msewu vani itapendekera kudzenje, choncho ndinasiya filiji pa batire, mpaka batire nalo linatha. Ndinafunditsa kulabokosi ndi bulangete n'kuiika pansi pa vani. Mphindi zingapo zilizonse ndinkapisa dzanja kuti ndimve ngati ayisi akadalipo.

"Bambo a Tadala, a Seamus aja anati musamatsegule," anatero Agnesi.

"Anena za filiji."

"Ndiye bokosilo ndi lanzeru kuposa filiji?"

Anatikokera ku kagalaja kena kunja kwa tauniyo. Makaniko wake anali bambo wonenepa, wa manja akuda ndi girisi, dzina lake Noel. Atangoona vaniyo anasekerera ngati waona mnzake wa kusukulu. Anaizungulira kawiri akuisisita. Koma anati chitsulo chothyokacho sichipezeka wamba, achita kuitanitsa kwa munthu wina wa ku Cork, ndipo chifika mawa masana. Anatilola kugona pabwalo la galajayo.

"Muli paholide eti?" anafunsa.

"Eya, holide."

"Mwasankha sabata yabwino. Mu ofesimu muli filiji, muli malo ambiri. Ngati muli ndi mkaka kapena zina za mwanayu, bweretsani."

Agnesi anandiyang'ana. Ine ndinaganiza za makontena aja, za mbuzi yokulungidwa m'mapulasitiki, za botolo la mafuta ophikira lotsala theka, mapoto, ayironi, zithunzi zochotsa pakhoma zimene zinali pansi pa bedi. Munthu wa paholide sanyamula firiza yonse ya m'nyumba. Bamboyo akanangoona, akanadziwa.

"Zikomo, yathu ikugwira bwino," ndinayankha.

Bwalo la galajayo linali lotsetsereka. Ndinatola njerwa ndi matabwa, Agnesi ndi ine n'kukankha vani mpaka mateyala a mbali imodzi atakwera. Ndinathira madzi m'mbale n'kuika pamwamba pa filiji kuti ndione ngati akhazikika bwino. Ankaoneka kuti akhazikika. Ndinayatsa gasi, kalawi kaja kanabwera, mtima unakhala pansi.

M'mawa wa Lachitatu ndinatsegula filijiyo. M'kati munali mofunda ngati m'khwapa. Majarini anali atasanduka mafuta. M'kulabokosi munali madzi apinki, mbuzi ikuyandama, yofewa kunja koma pakati ikadali youma. Nkhuku imodzi tinali titadya dzulo lake. Inayo ndinaiika pamoto n'kuiwiritsa mpaka inabwata, monga ankachitira mayi anga ndi ndiwo zogona, kenako ndinaibwezera m'kontena.

Tsiku limenelo linali lalitali. Ndinayenda wapansi kupita m'tauni kukasaka ayisi, ndinabwerako ndi mapaketi awiri a nsawawa zouma ndi chisanu, poti ayisi kunalibe. Tadala anasewera ndi galu wa pagalaja mpaka anatopa. Kenako anayamba kufunsa kuti nyanja tifika liti, ndipo kuti chifukwa chiyani paholide palibe bafa. Agnesi anamusambitsa ndi kathawulo m'chimbudzi cha amakaniko. Galimoto iliyonse ikalowa pageti ndinkaimirira poganiza kuti ndi ya katundu wathu. Noel anatibweretsera tiyi kawiri. Ulendo wachiwiri anaima pang'ono pakhomo la vani, maso ake anagwera pa ayironi ija, kenako anabwerera kuntchito yake.

Chitsulocho chinafika cha m'ma folo koloko. Pokwana sikisi tinali pamsewu.

Mullingar tinangodutsa. Ku Longford tinathira petulo, ayisi kunalibenso. Titawoloka mtsinje wa Shannon tinapeza malo oimikapo galimoto pafupi ndi madzi, pomwe panali mavani ena awiri atsopano, oyera, a anthu a paholide enieni. Ana awo ankadya ayisikirimu wochokera m'mafiriza a m'galimoto zawo. Dzuwa linali likadali m'mwamba, poti nyengo imeneyo kumachedwa kuda. Ndinamanga botolo la mkaka ndi chingwe n'kuliviika mumtsinje, Tadala n'kumaseka kuti adadi akuwedza mkaka.

Agnesi anatsegula kontena la nkhuku, ananunkhiza, n'kulitseka.

"Iyi yasasa. Tidye buledi."

Ndinalitenga n'kununkhiza nanenso. Kafungo kanalipo, koma kapatali.

"Ndaiwiritsa m'mawa. Ndiiwiritsanso."

"Yakhala tsiku lonse m'ng'anjo umu, bambo a Tadala."

"Kwathu filiji tinali nayo? Sitinakule ndi ndiwo zogona ife? Tinafa?"

"Kwanu ndiwo sizinkatsekeredwa m'pulasitiki padzuwa. Tayani."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Nyumba inali itapita, ntchito itapita, ndipo tsopano mkazi wanga ankandiuza kuti nditaye nkhuku yathunthu m'bini pamaso pa azungu a paholide aja. Ndinaiika pamoto. Ndinathira anyezi ndi tomato, fungo labwino linadzaza m'vani. Agnesi anatenga buledi wake n'kukakhala pabenchi kunja, atatifulatira. Tadala anabwera n'kuima pambali panga, akuyang'ana m'poto. Kuyambira m'mawa anali atadya mabisiketi okha.

Ndinamupatsa ntchafu. Ndi dzanja langali. Anadya n'kupempha ina.

Lachinayi kunacha bwino. Tinatsala ndi ulendo wa maola awiri, ndipo ndinawerengera kuti tikafika teni koloko isanakwane. Ine m'mimba munkangopota pang'ono. Tadala anakana tiyi, anati mutu ukupweteka, n'kugonanso.

Anayamba kusanza tisanafike ku Strokestown. Tinaima, tinamupukuta, tinapitirira. Patangopita mphindi khumi anatsegula m'mimba. Tinaimanso pageti la munda wa munthu. Kuchokera pamenepo sindikumbukanso kuti tinaima kangati. Ku Ballaghaderreen Agnesi analowa m'famase n'kugula timapaketi tosungunula m'madzi, koma chilichonse chimene mwanayo ankamwa chinkabwerera pomwepo. Zovala zake zosintha zinatha, tinamukulunga m'chitenje cha mayi ake. M'vanimo munkatentha, fungo losaneneka, mawindo onse otsegula.

Agnesi sanandinene. Bola akanandinena. Anangokhala kumbuyo atamunyamula pamiyendo, akumunyowetsa milomo ndi kansalu.

"Tipite kuchipatala," anatero titadutsa Charlestown.

"Tifike kaye ku Ballina, titenge makiyi. Patsala pang'ono. Tikakhala ndi adiresi ndiye tipite."

"Adiresi?"

"Akatifunsa kuti mumakhala kuti, tiyankha chiyani? Kuti m'galimoto? Mukuwadziwa a zosamalira ana a kuno. Atilanda mwanayu, mayi a Tadala."

Mantha amenewo sanali anga ndekha. Tonse tinali titamvapo nkhani zotere kwa anzathu, zoona ndi zabodza zomwe. Agnesi anawerama n'kuyang'ana mwanayo. Ndinamuona pagalasi akutsina khungu la padzanja la mwanayo. Khungulo linaima osabwerera.

Ku Swinford msewu umagawikana. Wina umakhotera kumanja kupita ku Ballina, wina umapitirira kumene kuli chipatala chachikulu cha dera limenelo. Nthawi inali itadutsa leveni koloko. Ndinayatsa indiketa ya kumanja.

"Fredson."

Chikwatiranireni anali asananditchulepo dzina choncho.

"Mwanayu sakundiyankha. Mukakhota, ine nditsika naye pompano ndiimitse galimoto iliyonse. Akatilanda atilande ali moyo."

Ndinazimitsa indiketa.

Kuchipatala sanatidikiritse. Nesi atangomuona anamutenga m'manja mwa mayi ake n'kuthamanga naye. Anavutika kupeza mtsempha. Anabaya dzanja ili, dzanja ilo, pomaliza diripi anaiika kuphazi, ndipo Tadala sanalire n'komwe. Dokotala anafunsa chimene anadya. Ndinafotokoza zonse, za filiji, za kuwiritsa kawiri. Anandiuza mofatsa kuti pali poizoni wina amene tizilombo timasiya m'chakudya, amene saphedwa ndi moto ngakhale uwiritse chotani, ndipo kuti thupi la mwana limatha madzi msanga kuposa la munthu wamkulu.

Kenako kunabwera mayi wa mafomu.

"Adiresi yanu?"

Ndinayamba kutchula ya ku Balbriggan. Agnesi anandidula.

"Tilibe. Tikugona m'galimoto imene ili panjapo."

Mayiyo analemba osadzutsa mutu, ngati wamva zimene amamva tsiku ndi tsiku.

Bambo wa fulati uja ndinamuimbira cha m'ma wani koloko, nditaima m'khonde. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati pepani kwambiri za mwanayo, akuyembekeza kuti achira, koma banja lina linali litafika ndi mapepala onse ndipo wawapatsa makiyi. Ndinamupempha kuti ngati akudziwa nyumba ina iliyonse andiuze. Anati akamva andiimbira. Sanaimbe.

Tadala anagonekedwa masiku anayi. Agnesi ankagona pampando pambali pa bedi lake, ine m'vani pamalo oimika galimoto. Tsiku lachiwiri masana, bambo wolondera pamalopo anagogoda pawindo n'kunena mwaulemu kuti anthu akudandaula za fungo. Ndinali nditaiwaliratu za mbuzi ija. Nditatsegula kulabokosi ndinabwerera m'mbuyo. Ndinanyamula zonse m'matumba akuda awiri, mbuzi, masoseji, nsawawa zija, makontena omwe, n'kuyenda nazo kuzungulira chipatala chonse kusaka bini yaikulu, madzi ake akundidonthera m'nsapato. Bokosi la ba Mwanza ndinalitsuka katatu ndi sopo wa m'chimbudzi, koma fungo silinachoke.

Tsiku lomwelo madzulo Tadala anakhala tsonga n'kupempha tositi.

Mayi wa zosamalira ana anabweradi. Anali wamng'ono kwa ine, wa mawu otsika, ndipo anatifunsa mafunso ambiri: sukulu ya mwana, ntchito zathu, kalata ya landilodi. Agnesi ndiye ankayankha. Ine ndinkangoyang'ana cholembera chake. Pomaliza anatseka fayilo n'kunena kuti palibe amene akufuna kutilanda mwana, koma sangamutulutse kuti akagone m'galimoto. Anaimba mafoni angapo ali pomwepo. Yankho linali lakuti thandizo la malo ogona tingalipeze kudera kumene tinkakhala, osati kuno kumene tangofika. Tinayenera kubwerera ku Dublin.

Agnesi anaimbira a kuntchito yatsopano ija. Anati amusungira malo sabata imodzi ngati angapeze pokhala. Tonse tinadziwa kuti nkhani yatha pamenepo. Ballina sitinaione n'komwe. Inatsala makilomita ochepa kutsogolo kwathu.

Tinabwerera Lolemba m'mawa kwambiri, msewu womwewo. Vaniyo sinavutenso ngakhale pang'ono. Filiji ndinaizimitsa, tinkagula chakudya cha nthawi yomweyo basi. Tadala anagona njira yonse, atawonda nkhope, pulasitala ili kuphazi. Podutsa pa mtsinje paja sindinayang'ane kumbali. Titadutsa Longford ndinayesa kulankhula.

"Mayi a Tadala, za nkhuku ija..."

"Yendetsani galimoto," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera, "Nanenso ndinaona mukumupatsa. Ndinakhala pabenchi paja chifukwa ndinakwiya nanu. Ndikanadzuka."

Sitinaikambenso nkhaniyo, kufikira lero.

Ku Dublin tinathera masana onse mu ofesi ya anthu osowa pokhala, titagwira kapepala ka nambala. M'chipindamo munadzaza mabanja, ambiri a iwo eni dziko, ana atavala mayunifolomu a masewero, masutikesi ali m'mbali mwa khoma. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nafe anapatsa Tadala nthochi. Mwanayo anayang'ana kaye mayi ake asanalandire.

Cha m'ma faifi koloko anatipatsa chipinda m'hotela ina cha ku Tallaght, kutsidya lina la mzinda, kutali ndi sukulu ya Tadala. Wa pakauntala anatiwerengera malamulo: kulowera khomo la kumbali, alendo ayi, kuphika m'chipinda ayi. Munali mabedi awiri, ketulo ndi wailesi ya kanema. Filiji munalibe.

Agnesi anakhala pabedi osavula nsapato. Ine ndinapita pawindo. Linkayang'ana kumpoto, kumene dzuwa silifika, ndipo kunja kwake kunali kakhonde ka simenti kokwana chikhatho. Ndinalikankha. Linatseguka pang'ono n'kuima, poti analimanga ndi kachitsulo kuti munthu asagwe. Ndinayesa kutulutsa botolo la mkaka limene tinagula panjira kuti likhale pozizira panjapo, koma silinakwane pampatapo. Ndinatsika kupita kushopu n'kukagula kabotolo kakang'ono. Kameneko kanadutsa.

Kuyambira tsiku limenelo tinkagula mkaka wa timabotolo ting'onoting'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndalawa ine mwana asanamwe. M'chipinda chimenecho tinakhalamo chaka ndi miyezi iwiri.